Mphero Zovundikira za ku Thungwi

Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo masiku amenewo chimene chinkandiyatsa msanga chinali munthu kukayikira mphero zanga. Ndikuti zanga chifukwa ndine ndinazifukula, mu 1989, pa bwinja la Thungwi kwathu ku Malawi. Zinalipo khumi ndi imodzi, ndipo zonse ndinazipeza zitavundikiridwa bwinobwino ngati mbale zotsuka. Digiri yanga yachiwiri inachokera pa miyala imeneyo, ndipo digiriyo ndi imene inandipezetsa ntchito ku Nairobi, ku bungwe losamala malo a mbiri yakale. Ngakhale mkazi wanga Lenah ndinamupeza komweko ku Thungwi. Ankaphunzitsa pa sukulu ya pafupi ndi bwinjalo pamene ine, Mabvuto, ndinali mbuu ndi fumbi la m'dzenje.

Zimene ndinalemba m'lipoti langa zinali zomveka, mwana aliyense akanazitsata. Anthu othamangitsidwa amasiya zinthu zili mbwee, miphika yosweka, makasu pabwalo. A ku Thungwi anapeza nthawi yovundikira mphero iliyonse, ndiye kuti anachoka mwamtendere, atatsanzikana ndi malo awo. Madoda atatu amene ndinawafunsa anavomereza. "Tinasamuka tokha, bwana, nthaka inaguga." Zoti pampando wa pambali panakhala kapitawo wa esiteti ya fodya imene inameza malowo, komanso kuti madodawo ankagwira ganyu pa esiteti yomweyo, sindinazilembe. Ndinkaziona ngati zopanda ntchito.

Mu 2002 bungwe lathu linkakonza njira ya chikumbutso ku Malawi. Alendo ndi ana asukulu ankayenera kutsata malo khumi amene ofukula zakale tinawafufuza, momwe munadutsa akapolo ndi anthu a thangata, ndipo pamalo alionse pakhale chikwangwani cha mkuwa chonena zimene zinachitika. Thungwi anali malo achisanu ndi chiwiri, poti alendo apumirepo pang'ono atatopa ndi nkhani za misozi. Mawu ake ndinalemba ndine: "Anthu a mudzi uno anasamuka mu 1958 kukafuna nthaka yachonde." Mkuwa ukalembedwa walembedwa, sufufutika ngati choko. N'chifukwa chake mmisiri wa ku Industrial Area, mu Nairobi momwemo, sakanathira chitsulo pamoto ndisanasayine pepala lake.

Chaka chomwecho Lenah anabereka mwana wathu wachiwiri, ndipo amayi ake, a Nasimango, anabwera kudzakhala nafe miyezi inayi ku Donholm, dera la mu Nairobi kumene tinkakhala. Apa ndiye panali ntchito. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo salankhulana popanda wina pakati. Kumudzi ulemu umenewu ndi wosavuta, ukawaona akubwera umangopatukira kutchire. Nanga ku Donholm tchire ulipeza kuti? Nyumba ya khonde limodzi lam'kati, lopapatiza loti anthu awiri sangapitirirane. Ndinkatsokomola ndisanatuluke kuchipinda, iwo akamva ankabwerera kukhitchini, ndipo tikakumanizana mwangozi ankatembenukira kukhoma ngati akuwerenga kalendala. Moni ankadutsa mwa Lenah. "Awuzeni bambo a Eneles kuti tadzuka." Lenah, mwana kumsana, ankangotembenuza khosi. "Mwamva inu, adzuka."

Ndinkadziwa kuti a Nasimango anabadwira ku Thungwi. Musaganize kuti sindinkadziwa. Koma munthu ungakhazike apongozi ako pansi, tepi patsogolo, n'kumawafunsa mafunso a pafomu? Ndinkadziuza choncho. Chilungamo chake n'chakuti ndinkaganiza kuti mayi wosadziwa kulemba dzina lake alibe chowonjezera pa lipoti la masamba mazana awiri.

Kenako kunabwera Lorna. Anali wofukula zakale wa ku America, wa mtundu wa Acherokee, ndipo bungwe linamuitana mwezi umodzi kuti atiunikire, popeza kwawo ankagwira ntchito ngati yomweyi. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zamphira, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mbewu. Tsiku loyamba tinatseka makatani, iye n'kumaonetsa zithunzi pakhoma. Chimodzi chinali cha msewu wakale m'nkhalango, wolowa pansi ngati ngalande. Anati makolo ake anatulutsidwa m'nyumba zawo ndi asilikali mu 1838, n'kuyendetsedwa ulendo wa miyezi kupita kumadzulo, ndipo anthu zikwizikwi anafera m'njira. Ntchito yake inali kupeza pamene panali nyumbazo, misasa imene anawatsekeramo, ndi zidutswa za msewuwo, kuti wofuna kuyendamo lero aponde pomwe iwo anaponda. Anaonetsa mafuwa a nyumba ina, zibenthu za mbale, ndi khasu lodyeka ndi dzimbiri. Zinandikhudza, sindinama. Ndinaomba m'manja kuposa aliyense.

Vuto linayamba atawerenga malipoti athu. Anabwera mu ofesi yanga chala chili pakati pa masamba.

"Mabvuto, mphero ndi chida cha akazi kwanu, si choncho?"

Ndinati inde.

"Apa ndikuona mayina a amuna atatu. Akazi munawafunsa?"

Munthu wangotsika ndege dzana, sadziwa ngakhale kusiyana kwa mapira ndi mawere, lero azindiphunzitsa za mphero? Ndinamuuza kuti dziko langa ndimalidziwa, kuti ndinagona muhema miyezi isanu pa bwinjalo, ndi kuti si mudzi uliwonse wosiyidwa umene uli ndi asilikali kumbuyo kwake monga kwawo. Mawu omalizawo anali oipa, ndinadziwa akutuluka. Iye sanakwiye. Anangoti, "Dothi limandiuza kuti mphika unasweka, koma amene anauswa ndimakafunsa kwa anthu." Anatseka lipotilo n'kulisiya patebulo panga.

Manyazi ndi amene anandichititsa kumuitanira kunyumba Lamlungu. Anabwera yekha pa matatu, minibasi za ku Kenya, anasochera pang'ono pa Outer Ring Road, n'kufika thukuta kamukamu, chikwama chake cha mapepala chili m'khwapa. Tinadya mpunga ndi nkhuku pabalaza, ine, iye ndi Lenah. Apongozi, monga mwa nthawi zonse, anadyera kukhitchini pamphasa. Titatha kudya Lorna anatulutsa zithunzi zake kuonetsa Lenah, ndipo pakati pake panali chithunzi cha mphero zanga, nditazitembenuza kale n'kuzindandalika padzuwa.

"Uku ndi kwawo kwa amayi anga," anatero Lenah, ngati akunena za nyengo.

Lorna anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mafupa a nkhuku.

Anapempha kuti akawaonetse. Awiriwo analowa kukhitchini, ine n'kutsala pakhonde lija, phewa kukhoma, chifukwa malire anga anali pomwepo. Kenako ndinamva mawu a apongozi, otsika, osanjenjemera.

"Iyi yachitatuyi ndi ya mayi anga. Onani apa pobenthuka. Ndinaigwetsa ndine ndili mtsikana, ndinakwapulidwa tsiku limenelo."

Lenah ankamasulira m'Chingelezi. Lorna anafunsa chifukwa chimene anazivundikirira pochoka.

"Iwe Lenah, mlendoyu umuuze kuti munthu wosamuka sasiya mphero. Ingalemere bwanji, amuna amaimanga pamtengo n'kunyamula awiriawiri. Mphero ya mayi ako ungaisiyire ndani? Ife malole anafika m'mawa phala lili pamoto. Amuna a zipewa anati dzuwa likafika pamutu aliyense akhale atakwera, katundu ndi yekhayo ungasenze. Amene anayamba kukana anamuyatsira denga, enafe tinaona. Ndiye mayi anati vundikirani mphero. Ikakhala chagada madzi amadikhamo, mbuzi zimanyambita, ndipo a esiteti akaiona aitenga. Yovundikira imangooneka ngati mwala wamba. Tinkati mvula ikatha tibwerera."

"Nanga munabwerera?" anafunsa Lenah. Funso limenelo silinali la Lorna, linali lake.

"Tinapeza waya. Koma ana a mphero tinanyamula, aliyense wake m'nsalu. Wa mayi alipo mpaka lero, ndi uja ndimasinjira tsabola kumudzi."

Mwana wa mphero ndi kamwala kaja kogwira m'manja popera. M'lipoti langa, tsamba 64, ndinalemba ndekha kuti pa bwinja lonse sindinapeze mwana wa mphero ngakhale mmodzi, ndipo ndinafotokoza mwanzeru kuti mwina anakokoloka ndi madzi. Khumi ndi mmodzi, onse kukokoloka, amayi awo n'kutsala! Umboni ndinaugwira m'manja zaka khumi ndi zitatu zapitazo, n'kuukwirira ndekha.

"Amayi, nanga bwanji simunanenepo zaka zonsezi?" Mawu a Lenah anali atasintha.

"Anandifunsa ndani?"

Lenah anawauza za chikwangwani, kuti pa bwinjapo paikidwa mkuwa wonena mbiri ya mudziwo, ndi kuti wolemba mawu ake ndi mwamuna wake. Kenako apongozi anakweza mawu pang'ono, mokwanira kufika pakhonde.

"Awuze bambo a Eneles kuti alembe zoti tinathamangitsidwa. Basi, zokhazo."

Lolemba m'mawa pepala la mmisiri linali patebulo panga, likudikira siginecha. Ndinapita nalo kwa mkulu wathu, a Thomas, n'kufotokoza mozungulira, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anakangana naye. Iwo anamvetsera, n'kundiyalira zinthu poyera. Kusintha mawu kunali kotheka. Koma komiti inavomereza mawuwo potsamira lipoti langa, choncho ndinayenera kulemba kalata yonena kuti lipotilo linalakwa, komiti idzakumanenso mu Malichi, ndipo mwambo wotsegulira njira yonse uimitsidwe. "Zili ndi inu," anatero. "Inu ndiye katswiri wa Thungwi."

Lorna anandipeza ndikuyang'ana pawindo. Anati kalatayo tilembe awiri, asayinanso iye, ndipo apongozi tiwajambule mawu asanabwerere. Anati iyenso analakwitsapo malo a msasa wina ndi makilomita atatu, anakonza, ndipo sanafe nazo. Ndinamuthokoza. Ndinati ndiganizire.

Ndinaganizira mpaka nthawi ya tiyi. Ndinaona nkhope za anzanga a ku yunivesite akumva kuti Mabvuto uja wa mphero wagwetsedwa ndi apongozi ake kukhitchini. Ndinadziuza kuti mawu a munthu mmodzi si umboni wokwanira, kuti pakufunika kafukufuku wina, kuti gawo lachiwiri la ntchitoyi likubwera ndipo tidzasintha zonse mwadongosolo. Mutu wa munthu wophunzira suchedwa kupeza zifukwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndinkaudziwa mwambiwo kuyambira ndili mwana, koma ndinatenga cholembera n'kusayina. Wa mtokoma anabwera kudzatenga pepalalo nthawi isanakwane 11 koloko.

Madzulo Lenah anandifunsa ndikuvula nsapato. "Zija zatheka?"

"Zili m'manja mwanga," ndinatero.

Iye anamva zimene ankafuna kumva, n'kupita nazo kukhitchini. Mawa lake ndinapeza malaya anga onse atasitidwa, ngakhale aja ndinasiya kuvala. Lenah anati si iye. Lorna anabwerera kwawo patatha sabata ziwiri. Ataona pepala losayinidwa m'faelo sanandifunse kanthu, ndipo potsanzikana anandigwira chanza ngati mmene anagwirira aliyense.

Zikwangwani zinatuluka kumayambiriro kwa Disembala. Ndinakazitenga Lachisanu pa galimoto ya ofesi kuti ndikazisiye ku Embakasi, kwa otumiza katundu pandege, koma tinatsekeredwa mumsewu ndipo tinapeza atatseka. Dalaivala anati m'Chiswahili chake, "Mzee, si kwanu pompa? Zigone kwanu mpaka Lolemba." Tinazitsitsa ku Donholm, khumi zonse, chilichonse chokulungidwa m'bulangeti, n'kuzitsamiritsa kukhoma la pabalaza. Ndinaika cha Thungwi kumbuyo kwenikweni.

Loweruka m'mawa ndinatsokomola pakhonde monga mwa masiku onse, n'kulowa pabalaza. Apongozi anali momwemo, ndipo sanatuluke. Anali atakhala pansi, miyendo yotambasula, atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Lenah anali ataimirira kumbuyo kwawo mwana ali m'manja. Anali atawapezera chikwangwani cha nambala 7 n'kuchikokera patsogolo, koma bulangeti anali asanalichotse.

Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiwapatse malo.

"Bambo a Eneles."

Ndinaima. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, aka kanali koyamba kundiitana okha, popanda wodutsamo. Sanandiyang'ane, maso anali pabulangeti.

"Ine Lachitatu ndikupita. Maso a sukulu ndilibe. Ndimati mundiwerengere ndinu, mwini wake wolemba."

Ndinagwada. Ndinamasula chingwe, n'kuchotsa bulangeti. Mkuwa unali waphuliphuli, zilembo zakuda zokhala bwino, Chichewa pamwamba, Chingelezi pansi. Ndinamva Lenah akusendera pafupi, ndipo ndinadziwa nthawi imene maso ake anafika pa mzere woyamba, chifukwa anasiya kugwedeza mwana.

Pakanakhala mwamuna pamenepo akananena zoona. Ine ndinayeretsa kukhosi, n'kuika chala pamkuwa, n'kuwerenga zimene panalibe.

"Anthu a mudzi uno anathamangitsidwa mu 1958. Anavundikira mphero zawo chifukwa ankati adzabwerera."

"Bwerezani."

Ndinabwereza. Mawu anatuluka osalala kuposa poyamba, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero. Apongozi anaomba m'manja katatu, mofatsa, mmene amathokozera akuluakulu.

"Zikomo, bambo. Mayi anga akanamva." Anasendera pafupi. "Nanga mawu akuti tinathamangitsidwawo ndi ati pamenepa?"

Ndinayang'ana Lenah. Nkhope yake inali youma ngati chikwa. Sanandithandize, ndipo sanandiulule. Chala changa chinayenda chokha n'kukaima pa mawu achisanu, anasamuka.

Apongozi anaika chala chawo pambali pa changa. Anayeza mawuwo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngati akuyeza nsalu.

"Kafupi chonchi?"

"Mkuwa ndi wovuta kulembapo, amayi. Amafupikitsa."

Anagwedeza mutu, kuvomera. Anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta pamene zala zathu zinadetsa. Lenah anatuluka ndi mwana, ndipo ndinamva chitseko cha kuchipinda chikutsekedwa pang'onopang'ono, mosamala kwambiri. Bola akanachimenyetsa.

Sitinakangane. Ndinkayembekezera mkuntho, ndinali nditakonza kale mayankho, koma Lenah anangondifunsa funso limodzi tikuchokera ku bwalo la ndege Lachitatu lija. "Mudzawauza liti?" Ndinati gawo lachiwiri likayamba tidzasula chikwangwani china, ndipo sipadzakhalanso chowauza. Anayang'ana kunja, ku magalimoto a katundu a pa Embakasi, mpaka tinafika kunyumba.

Gawo lachiwiri silinabwere. Othandiza bungwe anatembenukira ku zina, a Thomas anasamutsidwira ku dziko lina, komiti inatha yokha ngati moto wa mapesi. Kalata ija ndinailemba mu 2004, mochedwa, n'kuitumiza ku maofesi atatu. Ena anayankha kuti alandira. Lorna ndinamulemberanso, iye anayankha mwaulemu, n'kufunsa ngati mawu a amayi aja tinawajambula. Sitinawajambule. Nthawi iliyonse tikapita kumudzi ndinkanyamula tepi m'chikwama, koma kuitulutsa kunafuna kuti ndiyambe ndanena chifukwa chake, ndipo pakamwa pankalemera.

A Nasimango anamwalira mu Julayi 2006. Titaika maliro, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija ya pafupi ndi bwinja anandikokera pambali. Anandiuza kuti kuyambira pamene njira inatsegulidwa, apongozi akangomva kuti kwabwera basi ya alendo kapena ana asukulu, ankavala chitenje chawo, n'kuyenda makilomita anayi kupita ku bwinja. Ankaima pambali pa chikwangwani, n'kuika chala pa mawu amodzi, n'kuwauza anthu kuti, "Apa mkamwini wanga analemba kuti tinathamangitsidwa." Ana a Sitandade 3 omwe ankatha kuwerenga mawuwo. Aphunzitsi ankawatsina kuti akhale chete.

"Tinkaganiza kuti mmisiri ndiye analakwitsa," anatero mphunzitsiyo, akundiyang'ana ngati akundipatsa mpata. "Sitinafune kuwakhumudwitsa mayi aja."

Mawa lake ndinapita ndekha ku Thungwi. Mphero zili pomwepo, m'kampanda ka waya, zonse chagada mmene ndinazisiyira, madzi atadikhamo ndi masamba ovunda. Chikwangwani chili chilili pa chipilala chake. Mvula ya zaka zitatu inadetsa mkuwa wonse, moti Chingelezi chija umachita kusendera pafupi kuti uchiwerenge. Mawu amodzi okha ndi amene chala chinkawapukuta, ndipo anasamuka amawerengeka munthu uli kumsewu.